Kodi n'zoona kuti boma limalipira munthu chifukwa chosunga nkhalango yake?

Bambo wina wa ku Ntchisi watilembera motere: "Ndine mwini mbumba kwathu. Tili ndi nkhalango ya mahekitala ngati 6 imene anatisiyira agogo, ndipo m'kati mwake muli kasupe amene midzi iwiri ya kumunsi imatungapo madzi ndi kuthirira madimba. Ootcha makala abwera kawiri, ndalama zili m'manja. Ana a alongo anga akuti tigulitse poti fizi yatithina. Koma mwana wanga amene ali ku Joni akuti kumayiko ena boma limalipira munthu chifukwa chongosunga mitengo yake. Kodi n'zoona, kapena ndi nkhani za pa WhatsApp? Ngati n'zoona, zimayenda bwanji, ndipo ife tingazipeze kuti?"

Bambo, mwana wanuyo sananame. Alipo mayiko amene boma limalemberana pangano ndi mwini nkhalango n'kumamulipira chaka ndi chaka kuti asaidule, makamaka ikakhala pamene pamachokera madzi. Koma ndisakuyendetseni ulendo wachabe: kuno kwathu kulibe ndondomeko yokhazikika ya boma yolipira munthu pa hekitala chaka chilichonse. Mukapita kwa DC mawa ndi funso limeneli, akulandirani bwino, koma mubwerako chimanjamanja. Ndifotokoza mmene zimayendera kumene zilipo, chifukwa mukadziwa chimene amagula kwenikweni, mudziwanso chimene muli nacho m'manja ndi mtengo wake.

Dziko limene aliyense amalitchula pa nkhaniyi ndi Costa Rica, ku Central America. N'laling'ono, silifika ngakhale theka la Malawi, ndipo anthu ake ndi ongopitirira pang'ono 5 miliyoni. Cha m'ma 1940 pafupifupi magawo atatu mwa anayi a dzikolo inali nkhalango. Kenaka kunabwera msika wa nyama ya ng'ombe. Mabanki ankapereka ngongole zofewa kwa oweta, ndipo malamulo a malo ankakomera munthu amene walambula tchire, chifukwa kugwetsa mitengo kunkawerengedwa kuti ndiko kutukula malo. Pofika 1987, chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti nkhalango inali itatsala 21 peresenti basi. Lero yabwerera mpaka kuposa theka la dziko, ndipo mu 2021 dzikolo linalandira mphoto ya padziko lonse yosamala chilengedwe, yotchedwa Earthshot, chifukwa cha zimenezi.

Chinasintha zinthu ndi lamulo la zankhalango nambala 7575 la mu 1996. Lamuloli linachita zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo anthu ambiri akamasimba nkhaniyi amangokumbukira chachiwiri. Choyamba, linaletsa kusandutsa nkhalango kukhala munda kapena busa, ngakhale malowo akhale ako. Chachiwiri, linavomereza kuti nkhalango imagwirira dziko ntchito zinayi zoyenera malipiro: kusunga madzi, kuyamwa mpweya wa kaboni, kusunga zamoyo zosiyanasiyana, ndi kukongoletsa dziko, kumene kumakopa alendo. Tamverani bwino pamenepa. Boma silinati tiwathokoze eni nkhalango poti ndi anthu abwino mtima. Linati pali ntchito imene malo awo akugwira, ena akudyerera, ndiye odyererawo alipire. Ndondomekoyi, imene m'Chisipanishi amaitcha Pago por Servicios Ambientales, inayamba mu 1997, ndipo imayendetsedwa ndi thumba la boma lotchedwa FONAFIFO.

Tiyerekeze kuti mahekitala 6 anuwo ali kumeneko. Mungapite ku ofesi ya FONAFIFO ndi zikalata zosonyeza kuti malowo ndi anu komanso mapu ake. Mungalembe ganyu katswiri wa zankhalango wokhala ndi chiphaso, amene amamutcha regente, kuti ayendere malire, ayeze kukula kwa nkhalango, n'kulemba dongosolo la kasamalidwe. Iyeyu amadya gawo la malipiro anuwo, ndipo ndiye amene amabwera chaka ndi chaka kudzatsimikiza kuti mitengo ikadalipo ndalama isanatuluke. Pangano losunga nkhalango kawirikawiri limakhala la zaka 5. Inu mbali yanu ndi kusadula, kulambula njira zotchinga moto, kuletsa alenje, kutchinga ng'ombe ndi kuika zikwangwani. Panganolo limalembedwa pa kaundula wa malowo, moti mukagulitsa, wogulayo amalipeza ndipo limamumanga. Mumaperekanso kwa boma ufulu wogulitsa kaboni wa m'nkhalangoyo, kutanthauza kulandira ndalama kwa makampani kapena mayiko owononga mpweya chifukwa cha kaboni amene mitengoyo imayamwa ndi kusunga. Kwa zaka zambiri malipiro anali madola 64 pa hekitala pa chaka, ndipo malo ofunika pa madzi ngati anuwo anali madola 80. Ndiye kuti inu mukanalandira madola 480 pa chaka, musanachotse za regente. Muwerengere nokha pa mtengo wa dola wa lero. Si ndalama yomangira nyumba ya malata chaka chimodzi, koma fizi ya ana angapo a kusekondale ingatuluke, ndipo imabweranso chaka chamawa mitengo ili chiimire.

Funso limene ine ndimayamba nalo ndikamva za ndondomeko iliyonse yotere ndi lakuti: ndalamayo ikuchokera kuti, ndipo idzakhalapobe zaka 10 zikubwerazi? Ku Costa Rica yankho lalikulu ndi mafuta a galimoto. Lamulo la 1996 linalonjeza gawo limodzi mwa atatu la msonkho wina wa pa mafuta, koma unduna wa zachuma sunkapereka yonse, ndalama ikalowa m'thumba lalikulu la boma inkapeza ntchito zina. Mu 2001 anakonza lamulo n'kukhazikitsa 3.5 peresenti ya msonkho wa mafuta kuti izipita ku nkhalango. Mu 2006 anawonjezera njira ina: onse otunga madzi ambiri m'mitsinje ndi pansi pa nthaka, monga makampani a magetsi, mafakitale ndi minda ikuluikulu, amalipira chindapusa cha madzi, ndipo 25 peresenti ya ndalama imeneyo imapita kwa eni nkhalango a kumtunda. Palinso mapangano ang'onoang'ono amene ine amandisangalatsa kuposa onse. Kampani ya magetsi a madzi ya Energía Global inayamba mu 1997 kuthirapo ndalama zolipira eni malo a kumtunda kwa makina ake. Mumzinda wa Heredia, kuyambira chaka cha 2000, bilu ya madzi ili ndi kandalama kapadera kopita kwa osunga nkhalango za m'mapiri mmene madziwo amachokera. Munthu akamatsegula mpopi amadziwa phiri limene akulilipira.

Chitsanzo china chodziwika ndi cha mzinda wa New York. Madzi ake pafupifupi 90 peresenti amachokera kumapiri a Catskill ndi dera la mtsinje wa Delaware, mtunda woposa makilomita 150 kuchokera mumzinda, ndipo malo ambiri kumeneko ndi a anthu wamba, alimi a ng'ombe za mkaka ndi eni nkhalango. Malamulo a madzi akumwa atakhwima mu 1989, mzindawo unayenera kusankha: kumanga chimakina chosefera madzi cha madola mabiliyoni 6 kapena kuposerapo, kapena kusamala kumene madziwo amachokera. Poyamba akuluakulu a mzinda anayesa kungolamula, ndipo anthu a kumapiriko anakana kwamtuwagalu. Anali ndi chifukwa: makolo awo anasamutsidwa, midzi yawo inamizidwa pomanga madamu a mzinda womwewo. Mpaka mu 1997 ndi pamene anasainirana pangano. Mzinda umagula malo kwa amene akufuna yekha kugulitsa, umalipira alimi kuti akonze makola ndowe zisatsikire mumtsinje, ndipo kwa ena umagula ufulu umodzi wokha, wosintha ntchito ya malowo. Pangano lotereli amalitcha conservation easement: malo amakhalabe ako, ungadulemo mitengo motsata dongosolo, ungasiyire ana, koma sungawagawe mapuloti kapena kuwalambula, ndipo chiletsocho sichitha. Boma lalikulu la America lili ndi pulogalamu yofanana nayo yotchedwa Forest Legacy, ya mu 1990, imene imalipira mpaka 75 peresenti ya mtengo wa pangano lotere, yotsalayo n'kuchokera kwina.

Tsono chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ofufuza amene anaunika zaka zoyambirira za ndondomeko ya Costa Rica anapeza kuti nkhalango zambiri zimene zinalipiridwa sizikanadulidwa ngakhale pakanapanda malipiro. Zinali kumapiri otsetsereka, kutali ndi msewu, kumene ngakhale ng'ombe sizikanapindula. Ndiponso kudula kunali kutayamba kale kuchepa: mtengo wa nyama unali utagwa, ngongole zofewa za oweta zinali zitatha, alendo okaona nkhalango anali atayamba kubweretsa ndalama. Amene anali ndi busa lopindulitsa sanakopeke ndi madola 64. Vuto lina linali la zikalata. Oyamba kudyerera anali eni malo akuluakulu, ophunzira, okhala ndi mapepala onse ndi ndalama yolipira regente. Mlimi wamng'ono wopanda chikalata ankatsala panja, mpaka boma linafewetsa malamulo, n'kulowetsamo madera a anthu a mitundu yoyambirira ya m'dzikolo, ndipo mu 2003 linayamba kulipira pa mtengo uliwonse wobzalidwa m'munda. Ngakhale lero ofunsira amachuluka kuposa ndalama.

Mwina mukuti izi ndi za kutali, kwa anthu a mapepala. Chapafupi chilipo. Ku Uganda, m'maboma a Hoima ndi Kibaale, pakati pa 2011 ndi 2013 anayesa kulipira eni nkhalango a m'midzi mashilingi 70,000 pa hekitala pa chaka, amene panthawiyo anali ngati madola 28. Midzi inali 121, ina inapatsidwa mwayiwu, ina ayi, ndipo anayerekeza ndi zithunzi za setilaiti. Kumene kunali malipiro mitengo inachepa ndi 4.2 peresenti, kumene kunalibe inachepa ndi 9.1 peresenti. Amene analowa m'pangano anali ngati mmodzi mwa eni nkhalango atatu alionse. Kandalama kochepa kanadula chiwonongeko ndi theka, chifukwa kanapita kwa anthu amene analidi pafupi kudula, anthu onga inuyo, amene wogula mitengo amawapeza tsiku limene mwana wabwezedwa kusukulu. Koma ndalamayo inali ya opereka thandizo, ya zaka ziwiri.

Apa ndiye pamene pamandipweteka. Zaka zapitazo ndinali pa msonkhano pamudzi wina pamene bungwe lina linalonjeza kulipira mtengo uliwonse umene wapulumuka. Chaka choyamba anabwera ndi kope, anawerenga, analipira, amayi anaimba. Chaka chachitatu pulojekiti inatha, galimoto zija sizinaonekenso. Nditadutsako patapita nthawi, bambo wina anandionetsa zitsa n'kundiuza mosabisa kuti mitengoyo inali ya abungwe, eni ake anaisiya. Agogo anu anasunga nkhalango yanuyo popanda wowalipira, monga mmene mudzi uliwonse umasungira msitu wa kumanda. Malipiro osakhalitsa angathe kupha mtima umenewo, munthu n'kuyamba kuona mtengo ngati ganyu. N'chifukwa chake ine sindisangalala ndi ndondomeko iliyonse imene ndalama yake sinalembedwe m'lamulo kapena pa bilu ya wina amene akufunadi madziwo.

Kodi kwathu kuno odyerera madzi a kumtunda kulibe? Alipo, ndipo akulipira kale, kungoti akulipira kumapeto. Mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu, umachokera ku Dzalanyama, kumene makala anafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali. Blantyre, nkhalango ya Ndirande itatha m'ma 1990, amadalira kwambiri kupopa madzi a Shire kuchokera ku Walker's Ferry, kuwakweza phiri ndi magetsi okwera mtengo. Kampani yopanga magetsi ya EGENCO imawononga ndalama zambiri kuchotsa matope ndi zinyalala ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo matopewo ndi minda ya anthu ya kumtunda. Misonkho ya pa mafuta si yachilendonso kwa ife: pa lita iliyonse pali ya misewu ndi ya magetsi a kumidzi, ndipo mu 2019 kunabwera msonkho wa kaboni pa galimoto. Ntchito zosamala magwero a madzi zilipo, monga pulojekiti ya MWASIP imene World Bank inavomereza mu 2020 ya m'dera la Shire, koma zimenezi zimadutsa m'makomiti a midzi ndipo zili ndi tsiku lothera. Maganizo anga ndi akuti tikanayamba ngati Heredia: tawuni imodzi, phiri limodzi, kandalama kodziwika pa bilu, kopita kwa anthu odziwika mayina. Koma bola tizinena zoona, mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Mukamulipira wa ku Ntchisi kuti asadule, thumba la makala lija likachokera ku Dowa kapena ku Mozambique, pokhapokha wa mutawuni atapeza china chophikira.

Ndibwerere kwa inu, bambo, chifukwa ootcha makala aja abweranso.

Chimene ndondomeko zonsezi zimafunsa poyamba ndi chakuti malo ndi a yani, ndipo asaine ndani. Kwanu malo ndi a mbumba. Inu ndinu woyang'anira, koma eni ake enieni ndi alongo anu ndi ana awo. Tsiku limene ndalama idzabwere, kaya ya makala kaya ya kaboni, ikadzalowa m'thumba la munthu mmodzi, nkhalangoyo idzatha usiku ndi nkhwangwa za abale omwe. Choncho itanani mbumba yonse, amfumu alipo, mugwirizane ndipo mulembe: malire ndi awa, chololedwa ndi ichi, chikabwera chilichonse tidzagawana motere. Yendani malirewo ndi oyandikana nawo, mnyamata wina atenge manambala a GPS pa foni, mujambule zithunzi pamalo amodzimodzi chaka chilichonse, kasupe mumujambule mu Okutobala pamene madzi amachepa. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo a banja, ndipo la zankhalango la 1997 limazindikira nkhalango za m'midzi ndi makomiti ake. Pitani kwa alangizi a zankhalango a kwanuko akuthandizeni kulemba dongosolo la kasamalidwe. Wobwera ndi ndalama tsiku lina adzayambira kwa amene mapepala ake ali kale m'manja.

Za ootcha makalawo, afunseni chiphaso. Kuotcha makala ogulitsa popanda chilolezo ndi mlandu, zilango zinakwezedwa lamulo litakonzedwa mu 2020, ndipo uvuni ukapezeka pamalo panu dzina loyamba kutchulidwa ndi lanu. Kenaka tengani ndalama imene akulonjezayo muigawe ndi 20, poti nkhalango ya mombo, tsamba ndi msuku ikametedwa imafuna zaka ngati zimenezo kapena kuposerapo kuti ibwerere pamene ili, ndiye ngati mbuzi ndi moto zaleka mphukira. Chimene chatulukacho ndiwo malipiro awo pa chaka. Muchiyerekeze ndi masuku, bowa, nkhuni zouma, milimo ndi mankhwala zimene mbumba imatolamo chaka chilichonse osawerengera. Ndikudziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mwana wobwezedwa kusukulu sangadikire masamu anga. Ngati zafika pothina, kuli bwino kusankha mitengo yowerengeka yokhwima kutali ndi kasupe, alangizi aichonge, muigulitse ngati mitengo, kusiyana ndi kupereka nkhalango yonse kwa munthu amene sasiya ngakhale mtengo wonenepa ngati mkono. Kuzungulira kasupe ndi m'mbali mwa kamtsinje, pamene pali mikuyu, katope ndi nyowe, pasakhudzidwe zivute zitani.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndimachiona kawirikawiri. Munthu amadula yachilengedwe n'kunena kuti ndibzala bulugamu, mtengo ndi mtengo. Ayi. Nkhalango yachilengedwe imathandiza kasupe chifukwa masamba ogwa ndi mizu zimachititsa madzi a mvula kulowa pansi m'malo mothamanga, n'kumatuluka pang'onopang'ono m'chilimwe. Bulugamu pafupi ndi kasupe amamwa madziwo chaka chonse. Mumufunse mwana wanu wa ku Joni: boma la South Africa kuyambira 1995 lili ndi pulogalamu ya Working for Water, imene imalipira anthu kuti azidula mitengo yachilendo ngati bulugamu, paini ndi watulo m'magwero a madzi. Kumenekonso boma likugula madzi, koma polipira odula.

Ogula madzi anu apafupi mukuwadziwa kale mayina. Ndi eni madimba a midzi iwiri ija, amene tomato ndi kabichi wawo amafika pamsika chifukwa cha kasupe wanu. Sindikunena kuti muwaikire mita, madzi a mumtsinje si a munthu mmodzi ndipo mudzangodana. Koma kudzera mwa agulupu mungathe kuwauza poyera kuti ootcha makala abwera ndipo banja lapanikizika. Pemphani kuti m'mwezi wa Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, atuluke ndi makasu kudzalambula njira yotchinga moto, kuti azithandiza kulondera, ndi kuti kalabu yawo ya madimba isonkhe ming'oma ya njuchi yopachika m'nkhalangomo, uchi n'kukhala wa mbumba yanu. N'zochepa, koma ndi nzeru yomweyo ya New York: wa kumunsi athandize wa kumtunda asanafike potola nkhwangwa.

Akubweranso masiku ano anthu a malonda a kaboni, atanyamula mafomu. Ena ndi enieni, ena ndi adyera. Asanakugwiritseni cholembera, akuuzeni kuti pangano ndi la zaka zingati, poti ambiri amakhala a zaka 20 kapena 30, ndipo ameneyo ndi moyo wa adzukulu anu. Akuuzeni ndalama pa hekitala, mwezi wolipira, ndi gawo limene iwo akutsala nalo. Funsani ngati amayi adzaloledwabe kutola nkhuni ndi bowa, chimene chidzachitike moto ukalowa kuchokera kwa mnansi, ndi ngati mungatulukemo akalephera kulipira. Pangano likhale m'Chichewa, kope limodzi litsale kwa inu, lina kwa amfumu, ndipo a ofesi ya zankhalango paboma akhale akuwadziwa. Akakana kukusiyirani pepalalo kuti mugone nalo masiku angapo, muwaperekeze mpaka pamsewu.